Zenera la M'wodi Yachitatu

Anabwera naye Lolemba m'bandakucha,
Don Eleuterio Zegarra, nkhalamba yothyoka fupa la m'chiuno,
chipewa chili pamimba.
Tikumukankha pa machira m'khonde lalitali lija
anakweza chala: "Khonde ili ndinajambula ndine."
Ndinangoti inde bambo,
poti odwala amanena zambiri.

Koma sankanama. Mu Arequipa muno
ndani sanakhalepo pansi pa denga lake?
Holo ya ku yunivesite, ya mipando yokwera ngati minda ya m'phiri,
momwe mphunzitsi akanong'ona wakumbuyo amamva,
ndi yake.
Mng'ono wanga analephereramo mayeso kawiri.
Katchalitchi ka kutsidya kwa mtsinje wa Chili,
ka mwala woyera umene phiri linasanza kalekale,
kamene zivomerezi zakagwedeza n'kungosiya mng'alu umodzi pakhomo,
ndi kake.
Ndi chipatala chino.

Tsiku loyamba anagona. Lachiwiri ananyoza supu.
Lachitatu anandikodola:
"Hermelinda, phiri lili kuti?"
"Pomwe munalisiya, bambo."
"Wodi ino ndinaitembenuza dala
kuti wodwala akatsegula maso azipatsana moni ndi Misti."

Ndinagwada pambali pa bedi,
mutu wanga pafupi ndi pilo wake.
Khoma. Paipi ya madzi.
Pamwamba kachidutswa ka thambo kopanda ndi mbalame yomwe.
Zenera limayambira pachifuwa cha munthu woimirira.
Zaka khumi ndi zinayi ndayenda m'wodi ino
ndikuliona phirilo m'mawa uliwonse,
osadziwa kuti timaliona ndife tokha,
ine, madokotala ndi obwera kudzazonda.

Anakhala chete mpaka tiyi kuzizira.
"Ophunzira ndinawayeza atakhala pansi," anatero.
"Opemphera ndinawayeza atagwada;
mkazi wanga anagwada pa simenti ine ndili ndi tepi m'manja,
akundiseka.
Kuno ndinadziyeza ndekha.
Ndinali chilili, wazaka makumi anayi,
ndisanagonepo chagada usiku wonse
kuwerenga ming'alu ya siling'i."

Anapempha pensulo.
Kuseri kwa pepala la mankhwala, dzanja likunjenjemera,
anajambula khoma, zenera,
kenako mzere wina m'munsi mwake,
wowongoka ngati wolemba ndi lula.
"Masentimita makumi asanu ndi limodzi. Basi.
Kawapatse akuluakulu."
Ndinakapereka. Anathokoza, naliika m'dirowa.
Ndalama za chaka chino zinapita ku makina ounikira mafupa.

Loweruka ndinachotsa galasi pakhoma la kuchipinda kwanga,
n'kulikulunga m'bulangete,
n'kukwera nalo basi, nditalifukata ngati khanda la eni.
Cipriano wokolopa analimangirira ndi bandeji
pa chitsulo chopachikapo diripi.
"Kweza. Ayi, wapitiriza. Bwezako pang'ono.
Apo!"

Phiri linalowa m'wodi,
chipale chili mbuu pamutu.
Don Eleuterio analiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anati, "Latembenuka.
Phewa lakumanzere lili kumanja."
Koma sanachotsepo maso mpaka tinayatsa magetsi.

M'mawa mwake wa pa bedi loyandikana,
dalaivala wa lole, mwendo uli m'chikhakha,
anati, "Inenso ndikhotetsereniko, asisita."
Kenako mnyamata wakugwa padenga.
Kenako onse.
Tinayamba kulikankha bedi ndi bedi pamodzi ndi mankhwala a m'mawa,
mphindi khumi aliyense,
ena n'kumakangana kuti mnzawo wadyerera.

Patatha milungu isanu mwana wake wamkazi anadzamutenga.
Pakhomo la wodi anaima, atatsamira ndodo ziwiri,
zenera lake lili bwinobwino patsogolo pake,
phiri lonse lili poyera.
Sanaliyang'ane.
Anayang'ana mabedi.

Pepala lija likadali m'dirowa, ndikuganiza.
Galasi silinabwerere kwathu.
Masiku ano ndimapesa tsitsi
ndikudziyang'ana pa chivundikiro cha poto,
nkhope ili yotambalala ngati ya munthu wina.